Mabala 72 ndi ola lodikira kucha: usiku wa John Cruickshank mu ndege ya Catalina

Pa 17 Julaye 1944 ndege yamtundu wa Catalina inanyamuka pamadzi ku Sullom Voe, m'zilumba za Shetland kumpoto kwa Scotland, itanyamula anthu 10 ndi mabomba 6 ophulikira pansi pa madzi. Inabwerako m'bandakucha wa tsiku lotsatira ili mabowo okhaokha. Mmodzi mwa anthuwo anali atafa, anayi atavulala, ndipo woiyendetsa, Flying Officer John Cruickshank wa zaka 24, anali ndi mabala 72 m'thupi. Usiku umenewo ndi umene unamupatsitsa Victoria Cross, mendulo yoposa zonse zimene dziko la Britain limapereka kwa msilikali wolimba mtima pamaso pa mdani.

Osimba nkhaniyi amakonda kuthamangira pa nambala ya 72. Komatu kuvulala sikusankha munthu, chipolopolo chimapeza wamantha ndi wolimba mtima yemwe. Zimene zinali m'manja mwake n'zina. Anabwerera kachiwiri kumene mfuti zinkamudikira, anakana jakisoni wopha ululu, ndipo atafika kwawo anakaniza ndege kutera mpaka kunja kutayera. Kulemera kwa zinthu zitatuzi sikumveka bwino munthu asanaidziwe ndegeyo, bombalo ndi nyanjayo.

Bwato lamapiko

Catalina inapangidwa ndi kampani ya Consolidated ya ku America. Mtundu umene gulu la Cruickshank, lotchedwa 210 Squadron, linkaulutsa unalibe matayala oterera pamtunda. Mimba yake inali ya bwato, inkanyamuka pamadzi n'kuteranso pamadzi, ndipo ikamapuma inkamangidwa pa nangula ngati sitima. Agogo ena a ku Cape Maclear anazionapo ndege zamtundu wotere mu 1949 ndi 1950, pamene ndege za Solent za kampani ya BOAC zinkatera pa nyanja ya Malawi zili paulendo wa ku Johannesburg.

Phiko lake, lotalika mamita pafupifupi 32 kuchokera nsonga kufika nsonga, linakhazikidwa pamwamba pa thupi la ndege pa mzati waukulu, ndipo m'kati mwa mzatiwo ndi mmene munkakhala makanika woyang'anira mafuta ndi mainjini. Mainjini anali awiri, a Pratt & Whitney, iliyonse ya mahosipawa 1,200. Kumapeto kwa phiko kunali timabwato tiwiri totsitsidwa potera, kuti nsonga ya phiko isamire. Ubwino wake unali umodzi waukulu: inkatha kukhala m'mwamba maola oposa 15 osamwanso mafuta. Kuipa kwake kunali liwiro. Inkayenda makilomita pafupifupi 200 pa ola, ndipo potembenuka inkalemera. Chiwongolero chake chinkakoka mawaya olunjika kumapiko ndi kumchira popanda makina othandizira, choncho kuitembenuza kunkafuna mphamvu za mikono ndi miyendo. Zogwirira zowonjezera moto wa mainjini zinkalendewera kudenga pakati pa oyendetsa awiri, munthu n'kumachita kukweza dzanja kuti azigwire. Mfundo ziwirizi zisungeni, zibweranso munthu uja akadzakhala atabooledwa mapapo ndi miyendo.

Tsiku limenelo sitima za Britain zonyamula ndege zinakaukira sitima yaikulu ya Germany ya Tirpitz imene inabisala ku Kaafjord kumpoto kwa Norway. Sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi, zimene zinkatchedwa U-boat, zinali zitamwazikana m'nyanja ya Norway kudikira sitima za Britainzo. Ntchito ya Cruickshank ndi anzake inali kusesa nyanjayo. Iye anali atayendapo kale maulendo otere oposa 40. Ambiri mwa maulendo olondera ankatha osaona kanthu, madzi okhaokha kuyambira ponyamuka mpaka pobwera.

Bomba lofuna kuyandikira

Bomba lophulikira pansi pa madzi limaoneka ngati kamgolo kachitsulo. La ndege za Britain linkalemera makilogalamu 113, lodzazidwa ndi onga wamphamvu wotchedwa Torpex. Siliphulika likagunda chinthu. Lili ndi kachipangizo komva kupsinja kwa madzi, ndipo likamira kufika pakuya pamene analitchera, limaphulika. Madzi safinyika, choncho mphamvu ya kuphulikako imayenda m'madzimo n'kukamenya khoma la sitima ngati nyundo. Koma mphamvuyo imatha msanga. Kuti khoma lachitsulo la U-boat ling'ambike, bomba liyenera kuphulikira mamita osapitirira 6 kuchokera pakhomapo. Likaphulikira patali pang'ono limangoswa mababu ndi kugwedeza anthu, sitima n'kupitirira.

Kumayambiriro kwa nkhondo mabombawa ankatcheredwa kuti aziphulika pakuya mamita 30 kapena kuposa, poganiza kuti sitima ikhala itamira kale ndege isanafike. Mu 1941 katswiri wa sayansi E. J. Williams anawerengetsera zimene zinkachitika pa kuukira kulikonse n'kuona cholakwika. Sitima imene yamira kale kufika pamenepo imakhalanso itakhotera kwina, ndipo woponya sadziwa pamene ili. Imene angaiphe ndi yomwe waipeza ikadali pamwamba kapena ikungoyamba kumira, ndipo pa iyoyo bomba lophulikira pansi kwambiri limangowononga madzi. Kuya kunachepetsedwa mpaka kunafika mamita osakwana 8, ndipo sitima zomizidwa zinachuluka.

Ndiye taonani zimene izi zikutanthauza kwa woyendetsa ndege. U-boat yamtundu wa VIIC inali yotalika mamita 67 koma m'lifupi mamita 6 okha. Mabomba ankagwa motsatizana pamzere, ndipo cholinga chinali chakuti mzerewo udutse sitimayo, bomba lina uku lina uko, iyo pakati. Kuti zitheke, ndege inkatsika kufika mamita 15 pamwamba pa mafunde, kutalika kwa mtengo wa bulugama, n'kuyenda molunjika osakhotakhota mpaka itadutsa pamwamba penipeni pa sitimayo.

Sitima ikaona ndege inali ndi njira ziwiri. Yoyamba kumira, zimene zinkatenga masekondi pafupifupi 30. Koma ikachedwa kuiona ndegeyo, kumira kunali kudzipereka, chifukwa mfuti zonse zimakhala zatsekedwa pamene msana wa sitima ukadali poyera. Yachiwiri inali kukhala pamwamba n'kumenyana. Pofika 1944 ma U-boat ambiri anali ndi mzinga umodzi wa mamilimita 37 ndi mfuti zamapasa ziwiri za mamilimita 20 kumbuyo kwa nsanja yake, zoponya zipolopolo zophulika zikagunda. Pa liwiro la makilomita 200 pa ola, ndege imayenda mamita 55 pa sekondi. Makilomita awiri omaliza amatenga masekondi oposa 35. Werengani pang'onopang'ono kuchokera 1 mpaka 35, mukuganizira chinthu chachikulu ngati nyumba chikubwera molunjika kwa anthu amene achilozetsa mfuti zisanu.

Kuukira koyamba ndi kwachiwiri

Kumadzulo kwa Narvik, kupitirira mzere wa Arctic kumene m'mwezi wa Julaye usiku sukuda, makina a rada anaonetsa kuti pamadzi pali chinthu. Poti sitima za Britain zinali m'dera lomwelo, anayamba apereka chizindikiro chodziwana nacho cha tsikulo. Yankho linali moto wa mfuti. Cruickshank anazungulira, anapeza mbali yabwino, anatsika n'kulowa. Anadutsa pamwamba pa sitimayo bwinobwino. Mabomba sanagwe.

Kukanirira kwa mabomba linali vuto lodziwika pa ndege zapanyanja. Pa Catalina mabomba ankapachikidwa kunsi kwa phiko, panja, ndipo mbedza iliyonse inkatsegulidwa ndi magetsi. Pakati pa batani ndi mbedza panali masiwichi osankhira mabomba, waya wautali ndi polumikizira pambiri. Mchere wa m'nyanja umadya polumikizira, kuzizira kumaumitsa girisi, ndipo siwichi imodzi yosakhala pamalo pake imaletsa zonse. Pa ndege yogona pamadzi amchere tsiku ndi tsiku, chimodzi chokha mwa izi chinkakwana.

Apa ndi pamene pali chosankha choyamba, ndipo n'chimene chikalata chomupatsira mendulo chinachitchula mosabisa: mwayi wodzidzimutsa mdani unali utatha. Kuukira koyamba kumapeza owombera akuthamangira pamfuti zawo, asanadziwe liwiro la ndege ndi mmene ikutsikira. Kwachiwiri kumawapeza atakhazikika, atadzazanso zipolopolo, ataiona kale ndegeyo pafupi, ndiponso atalimba mtima poti yadutsa osawachita kanthu. Cruickshank akanatha kuzungulira patali pomwe mfuti sizifika, kutumiza uthenga wa pamene sitimayo ili n'kudikira anzake. Koma kunali kutali, ndipo U-boat ikangopeza mpata ikanamira n'kusowa, n'kukakumana ndi sitima za Britain zodzaza anthu. Anakwera, anatembenuka, analowanso.

Ulendo uno moto unali wolunjika. Chipolopolo chinaphulikira kutsogolo kwa ndege n'kupha John Dickson, amene anali wolondolera njira komanso woponya mabomba. Woyendetsa wachiwiri, Flight Sergeant Jack Garnett, anavulala pamodzi ndi ena awiri. M'ndege munadzaza utsi. Mabala 72 a Cruickshank sanali a zipolopolo 72 ayi. Chipolopolo chophulika chimasweka kukhala tizitsulo tambirimbiri, n'kuswanso zitsulo ndi magalasi a ndegeyo, zonsezo n'kuuluka m'kachipinda kopanikiza. Ambiri mwa mabalawo anali ang'onoang'ono, koma awiri analowa m'mapapo ndipo 10 anaboola miyendo. Ndi miyendo yomweyo ankaponda zowongolera mchira kuti mphuno ya ndege isapatuke. Woponya mabomba atafa, anawaponya yekha ndi batani la pampando wake. Anagwa monga mmene amafunikira, sitima pakati.

Sitimayo inamira ndi anthu ake onse. Kwa zaka zambiri mabuku ankati inali U-347, koma ofufuza atafananitsa malo ndi nthawi za m'zolemba za mbali zonse ziwiri anapeza kuti inali U-361, ya Hans Seidel, imene munali anthu 52. Nawonso anali ana a anthu, ambiri a iwo anyamata, ndipo anaima pamfuti zawo mpaka mphindi yomaliza. Nkhani ya mendulo isatiiwalitse zimenezo.

Makilomita pafupifupi 1,000 opanda wolondolera njira

Atangoponya, Cruickshank anakomoka, Garnett n'kugwira chiwongolero. Atatsitsimuka sanalole kuti amuchotse pampando mpaka atatsimikiza kuti ndege ikumvera, yalozetsedwa kwawo, ndipo mauthenga ofunika atumizidwa pa wayilesi. Wina angaone ngati kuumirira kwachabe, koma tiyeni tione chimene anali atataya.

Panyanja palibe phiri, mtsinje kapena msewu woti n'kuutsata. Wolondolera njira ankadziwa pamene ndege ili powerengetsera: mbali imene kampasi ikuloza, liwiro, nthawi imene yadutsa, ndi mmene mphepo ikuikankhira chammbali. Ankalemba zimenezi pamapu ulendo wonse. Munthu ameneyo ndiye anali atagona wakufa kutsogolo, ndipo makina a rada amene akanaonetsa gombe anali atawonongeka. Kuchokera pomenyanapo kufika ku Sullom Voe panali makilomita pafupifupi 1,000, kuposa kutalika kwa dziko la Malawi kuchokera ku Nsanje kufika ku Chitipa. Oyendetsa ndege ali ndi lamulo losavuta: ukaphonya digiri imodzi pa kampasi, pa makilomita 60 alionse umapatuka kilomita imodzi. Pa ulendo uwu digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 17, madigiri asanu ndi makilomita oposa 80. Shetland ndi tizilumba tating'ono pakati pa nyanja. Kutiphonya chakumadzulo ndiko kulowera m'nyanja ya Atlantic mafuta akutha. Choncho mbali yoyamba imene mphuno yalozetsedwa inali nkhani ya moyo wa anthu 9.

Mafuta ankadontha m'mapaipi obooka. Mimba ya ndege, imene inayenera kukhala bwato pofika, inali ndi mabowo, ndipo anthu a m'ndegemo anawatseka ndi chilichonse chimene anapeza, majekete oyandamitsa munthu ndi masaka ophimbira mainjini. Cruickshank anamunyamula n'kukamugoneka pa kabedi kakumbuyo, kumene oyendetsa ankapumira pa maulendo ataliatali.

Chifukwa chokanira jakisoni

M'bokosi la mankhwala la ndege munali mofini, mankhwala amphamvu opha ululu, m'timachubu tokhala ndi singano kale, toti aliyense akhoza kubaya mnzake. Cruickshank anakana. Anthu ena amamva ngati ankadzionetsa chamuna, koma chifukwa chake chinali cha ntchito: ankadziwa kuti adzafunika potera, ndipo mofini amagonetsa, amachedwetsa maganizo, amachititsa munthu kuona zinthu ngati zili patali. Kuyeza kutalika kwa madzi ndi maso kumafuna mutu woyera.

Tikayang'ana ndi diso la chipatala, palinso china. Mofini amachepetsa kupuma ndipo amatha kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Munthu wobooka mapapo amakhala kale akuvutika kupeza mpweya, chifukwa mpweya ndi magazi zimalowa pakati pa phapo ndi nthiti, phapo n'kufwafwanyika osatha kufutukuka. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita pafupifupi 5. Akataya gawo limodzi mwa magawo atatu, mtima umathamanga, thupi limazizira, mutu umasokonekera, kenako amakomoka. Mabandeji amaletsa magazi a pamwendo, koma a m'chifuwa amatayikira m'kati momwe dzanja silifika. Pa maola asanu ndi theka a ulendo wobwerera anakomoka kangapo, ndipo nthawi iliyonse akatsitsimuka ankafunsa za ndege ndi za anzake. Ululu umene anaukana kuupha ndi womwe unkabwera ndi mpweya uliwonse umene ankakoka.

Pamene ankalowera kummwera, kuwala kwa kumpoto kunatsalira m'mbuyo. Anachoka kumene dzuwa silinkalowa n'kufika ku Shetland kuli mdima.

Ola lovuta kuposa onse

Kutera pamadzi n'kosiyana ndi kutera pabwalo. Bwalo limakhala phee, lili ndi mizere ndi magetsi. Madzi amasuntha, ndipo pa liwiro la makilomita oposa 120 pa ola amalimba ngati simenti. Woyendetsa ayenera kugunditsa mimba ya ndege pamadzi mphuno itakwera pang'ono, pa mlingo wake weniweni. Mphuno ikatsika kwambiri imakumba madzi, ndege n'kuzungulira mwadzidzidzi kapena kugubuduzika. Ikakwera kwambiri ndege imanjanja, n'kubwereranso ndi mphamvu, ulendo wachiwiri moipa kuposa woyamba, ndipo mimba yobooka kale ikhoza kung'ambika. Phiko limodzi likapendekeka, kabwato kakunsonga kamakoka madzi n'kuthyoka. Pamwamba pa zonsezi ayenera kudziwa kumene mphepo ikuchokera ndi kumene mafunde akulowera, zimene nthawi zina zimasiyana. Msodzi wa ku Nkhotakota amene wabwererapo usiku mwera ukuwomba akudziwa kuti funde limene sukuliona ndi limene limagubuduza bwato.

Mumdima diso silitha kuyeza kuti madzi ali mamita 10 kapena mita imodzi pansi pako, ndipo chida choyezera kutalika cha nthawi imeneyo, chodalira kupsinja kwa mpweya, chinkatha kuphonya ndi mamita angapo. Sullom Voe ndi ndomo ya nyanja yozunguliridwa ndi zitunda. Garnett anali wovulala, anali atagwira chiwongolero cholemera chija maola oposa asanu, ndipo analibe luso lofanana ndi la mkulu wake.

Cruickshank anauza anzake kuti amunyamule. M'kati mwa Catalina muli makoma ogawa zipinda, okhala ndi timakomo tating'ono todutsa chowerama, ndipo anamudutsitsa mmenemo mpaka kutsogolo n'kumutsamiritsa pampando wa woyendetsa wachiwiri. Atayang'ana kunja anati asatere. Anazungulira pamwamba pa doko ola lathunthu.

Ganizirani zimene ola limenelo linali kwa iye. Dokotala ndi magazi zinali pansi pomwepo, mphindi zochepa chabe. Thupi lililonse lovulala limakuwa kuti tiyeni titsike tsopano. Dontho lililonse la magazi limene linkatayika linkachepetsa mwayi wake, ndipo iye yekha ndi amene ankaluza podikira, pamene anzake asanu ndi atatu ankapindula. Kubwerera kachiwiri kwa U-boat kunatenga mphindi zochepa, magazi atatentha, mokwiya ndi mabomba okanirira. Apa panalibe mdani, panalibe phokoso la mfuti, panali kupuma kovuta ndi kuyang'ana kum'mawa. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha uku kunali kwa munthu amene akutha. Kwa ife odziwa ntchito ya ndege, gawo ili ndi limene limalemera kuposa ena onse. Ngozi zambiri za ndege zowonongeka zimachitika pomaliza penipeni, pamene anthu otopa aona kwawo n'kufulumira.

Ali kuzungulirako anataya m'nyanja mfuti, zipolopolo ndi katundu wina wolemera. Ndege yopepuka imatera pa liwiro locheperako, imagunda madzi mofewa, ndipo simira kwambiri, choncho mabowo ena amatsala pamwamba pa madzi. Kunja kutayera mokwanira kuti mafunde aoneke, anaitsitsa, Garnett akuyendetsa, iye akulangiza ndi kuthandiza.

Ntchito inali isanathe. Ndege yapamadzi ilibe mabuleki, ndipo ikangoima imakhazikika m'madzi, mabowo onse n'kuyamba kumwa. Kuimangirira pa nangula monga mwa masiku onse kukanaimiza pomwepo pamodzi ndi ovulala. Cruickshank analamula kuti mainjini asazimitsidwe, ndege ithamange pamadzi mpaka ikakwere pamchenga wa m'mbali. Inakwera. Dokotala atalowa, Cruickshank anakomoka, ndipo anamuthira magazi m'ndege momwemo chifukwa sakanatha kumusuntha asanatero.

Mtanda wamkuwa

Victoria Cross inakhazikitsidwa ndi Mfumukazi Victoria mu 1856, pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea. Ndi mtanda wamkuwa wosawala, wolendewera pa kansalu kofiirira, wolembedwa mawu awiri achingerezi otanthauza kuti chifukwa cha kulimba mtima. Kuyambira pachiyambi imapangidwa ndi kampani imodzi, Hancocks ya ku London. Siyang'ana udindo, msilikali wamba ndi kazembe akhoza kuilandira mofanana. Pempho limayambira kwa mkulu wa gulu, pamodzi ndi umboni wa anthu amene anaona ndi maso, kawirikawiri atatu, n'kukwera m'maofesi mpaka kwa mfumu. Pa sitepe iliyonse akhoza kulitsitsa kukhala mendulo yocheperapo. Pa nkhondo yonse yachiwiri yapadziko lonse inaperekedwa ka 182 kokha.

Kwa a m'ndege nkhani ya mboni inali yovuta. Msilikali wapansi amamenya nkhondo anzake akuona. Ndege yolondera nyanja imakhala yokha, ndipo ikagwa mboni zimamira nayo. Mwa oyendetsa ndege anayi a ntchito yapanyanjayi amene analandira mendulo imeneyi, atatu anailandira atafa. Kenneth Campbell anafera padoko la Brest mu Epulo 1941 atangoponya bomba pa sitima ya Gneisenau. Lloyd Trigg wa ku New Zealand anaukira U-468 kufupi ndi gombe la kumadzulo kwa Africa pa 11 Ogasiti 1943, ndege yake ya Liberator ikuyaka moto, ndipo palibe wa m'ndegemo anapulumuka. Amene anachitira umboni anali mdani: mkulu wa sitima imene anaimiza, Klemens Schamong, anapulumukira m'kabwato ka labala kochokera mu ndege yomweyo, ndipo atagwidwa anafotokoza zimene anaona. David Hornell wa ku Canada, patatsala milungu itatu kuti za Cruickshank zichitike, anamiza U-1225 pa 24 Juni 1944 ndi ndege ya banja lomwelo la Catalina. Injini imodzi inayaka n'kuthothoka, anatera panyanja, ndipo iye ndi anzake anakhala maola 21 m'madzi ozizira akusinthana kabwato kamodzi. Hornell anamwalira atangovuulidwa m'madzimo.

Nkhani ya Hornell ikuonetsa chimene chikanachitika Catalina ya Cruickshank ikanagwera m'njira kapena kusweka potera. M'madzi a kumpotoko, ngakhale m'chilimwe chawo, munthu wamphumphu amafooka m'maola ochepa, nanji wovulala.

Dzina la Cruickshank linalengezedwa pa 1 Sepitembala 1944, ndipo Mfumu George VI inamuveka mendulo ku Holyroodhouse mu mzinda wa Edinburgh pa 21 mwezi womwewo. Garnett analandira Distinguished Flying Medal. Pa nthawiyo mendulo za oyendetsa ndege zinkagawidwa potengera udindo, maofisala ankalandira mtanda wa Distinguished Flying Cross, masajeni n'kumalandira mendulo iyi, ngakhale ntchito ikhale yofanana. Kusiyanitsa kumeneku kunathetsedwa mu 1993, ndipo kunachedwa. Popanda mikono ya Garnett pa maola asanu ndi theka aja, ndi manja a amene anamanga mabala ndi kutseka mabowo, sipakanakhala ndege yoti aidikirire kucha.

Cruickshank anabadwira ku Aberdeen pa 20 Meyi 1920, ndipo nkhondo isanayambe anali kalaliki wa ku banki ku Edinburgh. Analowa usilikali m'gulu la mizinga mu 1939, n'kusamukira ku ndege mu 1941, ndipo anaphunzira kuuluka ku Canada ndi ku America. Atachira sanayendetsenso ndege yankhondo. Anatuluka usilikali mu 1946 n'kubwerera ku ntchito ya banki, kenako ku banki ya Grindlays, imene inamutumiza kumayiko akunja. Munthu amene anachita kumuthira magazi m'ndege kuti afike kuchipatala anakhalanso ndi moyo zaka zina 81. Anamwalira mu Ogasiti 2025 ali ndi zaka 105, ali womaliza mwa onse amene analandira Victoria Cross pa nkhondo imeneyo.